Ndikufuna kubwerera kwathu Kummawa ndi ana apasukulu: chigawochi chili bwanji masiku ano?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Matero muno mu Lusaka: "Makolo anga anachokera ku Katete, koma ine ndinabadwira ndi kukulira kuno. Kwatsala zaka ziwiri kuti ndipume pantchito, ndipo ndikuganiza zotenga banja langa tikakhale kumudzi. Ana atatu adakali pasukulu. Kumudziko ndimangofikako pamaliro ndi pa Kulamba. Ndiuzeni zoona zake: anthu alipo ochuluka bwanji, ndalama amazipeza motani, ndale zimayenda bwanji, nanga sukulu zake n'zodalirika?"

Bambo, mafunso anu ndi anayi koma muzu wake ndi umodzi. Kummawa nthaka ilipo, chakudya chimalimidwa chambiri, anthu ndi olimbikira, koma m'makomo ambiri ndalama imalowa kamodzi pachaka, kuyambira Meyi mpaka cha mu Seputembala. Miyezi yotsalayo banja limadya zomwe linasunga. Inu mwakula ndi malipiro a mwezi ndi mwezi, ndiye ichi ndicho chidzakudabwitseni kuposa kusowa kwa magetsi kapena fumbi la m'misewu. Komanso dziwani kuti Kulamba kumachitika kumapeto kwa Ogasiti, anthu atangogulitsa mbewu, njinga zili zatsopano, zitenje zili zatsopano, nkhokwe zili zodzaza. Mudzi womwe mumauona ku Mkaika nthawi imeneyo ndi wosiyana ndi womwe mungaupeze mu Febuluwale.

Tiyambe ndi chiwerengero. Kalembera wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 2.45 miliyoni m'Chigawo cha Kummawa, kutanthauza kuti chimangoposedwa ndi zigawo za Lusaka ndi Copperbelt. Mukaona nambala ya 2010, ya anthu pafupifupi 1.6 miliyoni, musafulumire kunena kuti anthu achulukana modabwitsa chonchi, chifukwa nambala imeneyo ilibe boma la Chama. Chama anaichotsa mu 2011 n'kuipereka ku chigawo chatsopano cha Muchinga, kenaka anaibweza Kummawa mu 2021. Pano maboma alipo 15: Nyimba, Petauke, Lusangazi, Sinda, Katete, Chadiza, Vubwi, Chipata, Kasenengwa, Chipangali, Mambwe, Lumezi, Lundazi, Chasefu ndi Chama. Angapo mwa amenewa ndi atsopano, anadulidwa ku maboma akale mu 2018: Kasenengwa ndi Chipangali ku Chipata, Lumezi ndi Chasefu ku Lundazi, Lusangazi ku Petauke. Anthu oposa asanu ndi atatu mwa khumi alionse amakhala kumidzi, ndipo gawo lalikulu ndi ana ndi achinyamata. Mzinda weniweni ndi umodzi, Chipata, womwe unakwezedwa kukhala mzinda mu 2017.

Anthuwa sanamwazike mofanana. Chigawochi chili ndi mtunda ndi chigwa. Kumtunda, kuchokera ku Petauke kudutsa Sinda, Katete, Chipata mpaka Lundazi, mvula imagwa pakati pa mamilimita 800 ndi 1,000 pachaka, nthaka imalola chimanga ndi nshawa, ng'ombe zimawetedwa, ndipo midzi ndi yothithikana. Kuchigwa cha Luangwa kumatentha, mvula ndi yochepa koma madzi osefukira ndi ambiri, kashembe amavutitsa ng'ombe, njovu zimalowa m'minda, ndipo misewu ina imaduka dzinja lonse. Munthu wa ku Katete ndi munthu wa kuchigwa ku Chama ali m'chigawo chimodzi papepala pokha. Za kwanu ku Katete ndi za kumtunda.

Mitundu yake mukuidziwa: Achewa pansi pa Kalonga Gawa Undi, Angoni a Mpezeni kuzungulira Chipata omwe amachita Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale, Ansenga ku Petauke ndi Nyimba, Atumbuka ku Lundazi ndi Chasefu, Akunda ku Mambwe, Asenga ku Chama. Chomwe chikukhudzani inu si mayinawa koma mwambo wa malo. Achewa ndi Ansenga amatsata kuchikazi, pamene Angoni ndi Atumbuka amatsata kuchimuna. Mwanena kuti makolo anu ndi a ku Katete. Funso loyamba lomwe akuluakulu akakufunseni ndi lakuti, mayi anu mudzi wawo ndi uti, nanga atsibweni anu ndani? Kumeneko ndiko kwanu malinga ndi mwambo wa Chichewa. Kwa bambo anu mukhoza kupatsidwa munda, ndipo masiku ano ambiri akupatsidwa, koma mbumba ya kumeneko ikhoza kudzaufuna inu mutamwalira, ana anu n'kuuzidwa kuti kwawo ndi kwa mayi awo. Lamulo la chuma chamasiye la 1989, lomwe limagawa 50 peresenti kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena odalira malemuyo, silikhudza malo a mafumu. Milandu yambiri ya minda imayambira pomwepa.

Ndiye nkhani ya malo muiyendetse chonchi. Pitani ndi wachibale wamkulu kwa nyakwawa, dzina lanu ndi a ana lilembedwe m'kaundula wa mudzi. Malire a munda muwayende ndi mapazi, eni minda yoyandikana alipo, ndipo mudzale mitengo kapena khonje m'malirewo nyengo yomweyo. Ngati mukufuna kumanga nyumba ya njerwa zootcha, kukumba chitsime kapena kuika chigayo, ganizirani zosandutsa malowo kukhala a pepala la boma. Lamulo la malo la 1995 limalola zimenezi: pamafunika chilolezo cholembedwa cha mfumu yaikulu ya deralo, mapu a malowo, kuvomereza kwa khonsolo, kenaka ofesi ya Commissioner of Lands ndiyo imapereka pepala, lomwe limafika zaka 99 malowo akayezedwa ndi akatswiri. Zimatenga nthawi, ndipo mafumu ena sakonda kuvomera chifukwa malo akalowa papepala achoka m'manja mwawo. Chosayenera ndi kupereka ndalama kwa munthu mmodzi amene akuti "mundawu ndi wanga" popanda abale ake kudziwa. Safunsa anadya phula.

Kuti inu munabadwira ku Matero si ngozi. Angoni atagonjetsedwa ndi Azungu mu 1898, kampani ya North Charterland inatenga malo aakulu kuzungulira Fort Jameson, yomwe lero ndi Chipata, anthu n'kukankhidwira m'madera opanikizana. Msonkho unakakamiza amuna kukafuna ntchito ku Southern Rhodesia, ndipo likulu litasamukira ku Lusaka mu 1935 ambiri analunjika kuno. Chinyanja chinali chinenero cha apolisi, n'chifukwa chake mpaka lero ndicho chimamveka m'minibasi ndi ku Soweto. Kummawa kwakhala kukutumiza anthu kunja kwa zaka zoposa zana, ndipo ndalama yochokera kwa ana a m'tauni ndi mbali ya chuma cha midzi yambiri. Mukabwerera, abale omwe mumawatumizira aja ataya gwero limenelo, koma adzayembekezabe kuti muli nazo.

Tsopano chuma. Migodi ikuluikulu ngati ya ku Copperbelt kulibe, mafakitale ndi ochepa, ntchito zolipidwa pamwezi zambiri ndi za boma: uphunzitsi, chipatala, khonsolo. Chuma ndi khasu ndi pulawo ya ng'ombe. Tiwerengere limodzi kuti muone kukula kwake. Hekitala imodzi ndi malima anayi. Alangizi amati lima imodzi ya chimanga imafuna mbewu yokwana makilogalamu 5, thumba limodzi la D Compound ndi limodzi la Urea, ndiye pahekitala ndi matumba anayi anayi. Tiyerekeze kuti mlimi wakolola matumba 40 a makilogalamu 50 pahekitalayo, zomwe ndi zokolola wamba kwa mlimi wamng'ono. Banja la anthu asanu ndi mmodzi lisunge matumba 15 odya. Otsala 25 awagulitse pamtengo womwe FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chimanga, inagula mu 2025, K340 pathumba. Zikukwana K8,500. Mugawe ndi miyezi 12, mupeza ndalama yongopitirira K700 pamwezi, musanachotse feteleza, matumba opanda kanthu, ngolo yonyamulira ndi aganyu. Mlimi wosamala, wodzala ndi mvula yoyamba, wopalira msanga ndi kuthira feteleza panthawi yake, akhoza kukolola kuwirikiza kawiri pamunda womwewo. Koma mwaona nokha kuti chimanga chokha sichingaphunzitse ana atatu.

Ndipo mtengo wa FRA uja si aliyense amaupeza. FRA imagula chimanga chouma bwino, chinyezi chake chisapitirire 12.5 peresenti, choncho misika yake imatsegulidwa mochedwerapo, ndipo malipiro ake nthawi zina amachedwa. Mlimi amakolola mu Epulo ndi Meyi ali ndi ngongole za dzinja, teremu yachiwiri ikutsegulidwa, mwana akufuna nsapato. Ogula oyendayenda amadziwa zimenezi. Amafika ndi sikelo ndi ndalama m'manja, amagula ndi meda kapena chidebe pamtengo wotsika, ena amasinthanitsa ndi mapoto, zitenje kapena mchere. Chimanga chomwecho mlimi amadzachigulanso mu Januwale mtengo utakwera, akulipira ndi ganyu m'munda mwa wina pamene wake ukumera udzu. Chaka chotsatira zokolola zimachepa chifukwa cha udzu uja, ndipo amagulitsanso msanga. Umphawi wa Kummawa umazungulira motero. Amene ali ndi kandalama kapamwezi, ngakhale kochepa ngati penshoni, amatha kudikira, ndipo kudikirako ndiye phindu. Chifukwa chake ndalama yanu yopumira pantchito musaithere panyumba yaikulu ndi galimoto chaka choyamba. Sungani yokwana kudyetsa banja ndi kugula feteleza nyengo ziwiri osadalira zokolola.

Za feteleza wotsika mtengo wa FISP, ndondomeko ya boma yothandiza alimi yomwe inayamba mu 2002, mu 2025 mlimi ankapereka K400, boma n'kuwonjezera zotsalazo. Koma muyenera kukhala m'kopaletivu kapena gulu la alimi lolembetsedwa, dzina lanu lidutse kwa mlangizi wa dera lanu, ndipo si onse olembetsa amene amalandira. Wobwera kumene asawerengere zimenezi. Feteleza akachedwa kufika, D Compound wothira chimanga chitafika m'mawondo wataya kale mbali ya ntchito yake. Gulani wanu mu Seputembala kapena Okutobala. Kumbukiraninso kuti mvula simalonjeza: chilala cha nyengo ya 2023/24 chinapsereza minda mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse. Kuyambira kumapeto kwa 2016 kulinso mbozi zija zolowa m'mtima mwa chimanga, zomwe zimafuna kuyendera munda kawiri pamlungu mbewu zikadali zazing'ono.

Mbewu yomwe chigawochi chimaposa zigawo zonse ndi nshawa, zomwe anzathu a ku Malawi amati mtedza. Chalimbana ndi yakale yodziwika, ndipo mitundu ngati MGV 4 ndi MGV 5 inatuluka ku malo a kafukufuku a Msekera pafupi ndi Chipata. Nshawa sizifuna Urea, zimasiya chonde m'nthaka, ndipo pakilogalamu zimagulidwa bwino kuposa chimanga. Chimene chimaziwononga ndi chuku, chomwe chimabala poizoni wotchedwa aflatoxin. Chimalowa nshawa zikachedwa kukumbidwa, zikayanikidwa padothi, zikaikidwa m'matumba zisanaume, makamaka anthu akamawaza madzi pamakoko kuti afewe posenda kapena kuti zilemere pasikelo. Ogula akuluakulu amayeza, ndipo katundu wachuku amabwezedwa. Kumbani panthawi yake, yanikani makoko asakhudze dothi, sungani zosasenda, musende pokhapokha wogula wapezeka. Wochita zimenezi n'kubweretsa katundu wake ku Soweto mu Novembala amapeza mtengo wina ndithu poyerekeza ndi wogulitsa pakhomo mu Meyi.

Thonje ndi fodya zimalimidwa kwambiri pangongole: kampani imapereka mbewu ndi mankhwala, mlimi n'kudzagulitsa kwa iyo, ngongole n'kudulidwa. Mkangano wake ndi wachaka ndi chaka, chifukwa mtengo umadziwika mbewu zitakhwima kale, ndipo mlimi akaona kuti wachepa amagulitsa kumbali, kampani n'kuleka kukongoza mudzi wonse. Soya ndi mpendadzuwa zakula m'zaka zapitazi, koma mtengo wa soya umakwera ndi kugwa mosayembekezeka. Mpendadzuwa ubwino wake ndi wakuti mukhoza kuyenga mafuta pamakina aang'ono, zotsalira n'kudyetsa ziweto. Kulinso COMACO, yomwe imagula nshawa, mpunga, soya ndi uchi kwa alimi osamala zachilengedwe n'kumagulitsa m'masitolo ndi dzina la It's Wild, lomwe mwaliona m'mashelefu kuno.

Paziweto chenjerani ndi ziwiri. Nkhumba zilipo zambiri, koma chigodola cha nkhumba chinakhazikika m'chigawochi ndipo chilibe katemera, choncho kutulutsa nkhumba kapena nyama yake kubwera nayo kuno kumaletsedwa kapena kumafuna chilolezo cha adokotala a ziweto. Amene amawerengera msika wa Lusaka asanafunse amakathera pa mlatho wa Luangwa. Ng'ombe nazo zimafa ndi matenda ofalitsidwa ndi nkhupakupa, makamaka ana a ng'ombe, ngati kusambitsa m'dibi kapena kupopera kwanyalanyazidwa m'dzinja.

China chomwe anthu a ku Lusaka amaiwala ndi chakuti Chipata ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 570 kuchokera kuno, pamene Lilongwe ili pafupi kwambiri, ulendo wa maola awiri kapena atatu kudzera pa Mwami. Kuchokera ku Katete msewu umatsikira ku Chanida kulowa Mozambique. Mitengo ya chimanga, soya ndi feteleza Kummawa imamvera zomwe zikuchitika ku Malawi, ndipo boma likatseka kapena kutsegula malonda a chimanga kunja, mlimi wa ku Vubwi amazimva msanga kuposa wa ku Mkushi. Njanji ya Chipata kupita ku Mchinji inatsegulidwa mu 2010, koma katundu wambiri akuyendabe pamalole. Zokopa alendo zili ku Mfuwe, pakhomo la South Luangwa National Park, ndipo ntchito zake zambiri ndi za chilimwe.

Ndale zake zimamveka bwino mukakumbukira zinthu ziwiri: feteleza ndi "wathu". Chigawochi chinali msana wa UNIP. Wachiwiri kwa pulezidenti woyamba wa dziko lino, Reuben Kamanga, anali wa Kummawa, chimodzimodzi Grey Zulu yemwe anakhala mlembi wamkulu wa chipanicho. Mu 1991, dziko lonse litatembenukira ku MMD, yomwe inatenga mipando 125 mwa 150, Kummawa kunapereka mipando yake yonse 19 kwa UNIP. Anthu ena amati chinali chikondi chabe pa Kaunda, koma alimi ankakumbukiranso kuti m'nthawi yake boma linkabweretsa feteleza ndi kugula chimanga pamtengo umodzi dziko lonse, zomwe zinkapindulitsa madera akutali ndi njanji. Misika itamasulidwa m'zaka za m'ma 1990, madera omwewo ndiwo anavutika. UNIP inanyanyala chisankho cha 1996, mu 2001 mavoti anagawikana pakati pa UNIP ndi FDD ya Christon Tembo, kenaka chigawo chinakhamukira ku MMD pamene Rupiah Banda anakhala wachiwiri kwa pulezidenti mu 2006 ndi pulezidenti mu 2008. Mu 2011 chinamuvoterabe ngakhale anagonja kwa Michael Sata. Mu 2015 Banda anathandiza Edgar Lungu, yemwe makolo ake ndi a ku Petauke, ndipo Kummawa kunasanduka kwa PF. Mawu aja akuti "wako ni wako" anamveka kwambiri nthawi imeneyo. Mu 2021 Lungu anatsogolabe m'chigawochi koma UPND inapeza mavoti ochuluka kuposa kale, ndipo Petauke Central, Nyimba ndi Lumezi anasankha aphungu oima paokha. Ndiye amene amati anthu a Kummawa amangovotera chipani chimodzi ngati nkhosa sanawerenge bwino. Amasintha, koma amasintha pamodzi, ndipo amayang'ana yemwe wabweretsa feteleza panthawi yake ndi kulipira chimanga msanga.

Kwa munthu wokhala kumudzi, ndale zokhudza moyo wa tsiku ndi tsiku si za ku State House. Nduna ya chigawo imasankhidwa ndi pulezidenti, chigawo chilibe nyumba yakeyake ya malamulo, ndipo ndalama zambiri zimachokera kuno ku Lusaka. Pansi pali khonsolo, yomwe wapampando wake kapena meya amasankhidwa ndi anthu mwachindunji kuyambira 2016, makhansala a mawodi, ndi mafumu osapitirira atatu okhala nawo m'khonsolomo. Chomwe chasintha kwambiri ndi CDF, thumba la chitukuko la dera la phungu. Linali K1.6 miliyoni, mu 2022 linakwera kufika K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 linali K36.1 miliyoni padera lililonse. Gawo lalikulu limapita ku zomanga monga makalasi, zipatala zazing'ono, mijigo ndi madesiki, gawo lina ndi ngongole ndi thandizo la magulu a amayi ndi achinyamata, lina ndi mabasale a sukulu zogonera ndi zaluso. Pempho limayambira ku komiti ya chitukuko ya wodi. Mudzi womwe ulibe munthu wodziwa kulemba pempho, kusonkhanitsa mitengo ya zipangizo ndi kulondola mapepala ku khonsolo umadumphidwa chaka ndi chaka. Munthu wopuma pantchito ngati inu angathandize kwambiri apa, bola mulowe modzichepetsa, chifukwa wobwera kuchokera ku tauni n'kuyamba kulangiza nyakwawa pabwalo sakhalitsa. Mafumu musawachepetse: malo, milandu ya m'banja ngakhale nkhani yoti ana apite kusukulu zimadutsa kwa iwo.

Tifike ku sukulu, komwe ndikuona kuti ndiko mtima wanu uli. Chigawochi chili ndi mbiri ziwiri zotsutsana. Mamishoni anafika kale: a Dutch Reformed anatsegula Magwero mu 1899, komwe mpaka lero kuli sukulu za ana osaona ndi osamva, a Anglican anakhazikika ku Msoro, Akatolika ku Minga ndi kwina. Sukulu ngati Chizongwe ndi St Monica's ku Chipata, Chassa ku Sinda ndi zogonera za ku Katete, Petauke ndi Lundazi zatulutsa anthu ambiri omwe ali m'maofesi kuno. Komabe kalembera wa 2010 anapeza kuti Kummawa ndiko kunali anthu ochepa kwambiri odziwa kuwerenga ndi kulemba m'dziko lonse, ongopitirira theka pang'ono. Sukulu zabwino zilipo, koma ana ambiri sazifika.

Zifukwa zake zimabwerera ku kalendala ya munda ija. Teremu yoyamba imatsegulidwa mu Januwale, mwezi wa njala ndi wopalira. Mwana wopita kusukulu wosadya, kapena wofunika kumunda, amajomba masabata angapo, akabwerera anzake apita patsogolo, chaka chamawa amabwereza, pomaliza amaleka. Anyamata ambiri amalembedwa ubusa wa ng'ombe kwa zaka zingapo kuti adzalandire ng'ombe imodzi pamapeto, ndipo akamayamba Giredi 1 amakhala atakula kale moti amachita manyazi kukhala pakati pa tiana. Atsikana amachotsedwa ndi mimba ndi maukwati: kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti mwa atsikana a zaka 15 mpaka 19 m'chigawochi, oposa mmodzi mwa atatu anali atabereka kapena ali ndi pakati. Lamulo lolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka lilipo kuyambira 1997, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2023 ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ndi woletsedwa ngakhale wa mwambo. Mafumu angapo akhala akuthetsa maukwati otere ndi kulipiritsa makolo. Koma banja lopanda chakudya mu Febuluwale limaona chimalo mwanjira ina.

Maphunziro aulere, omwe anafika mpaka Giredi 12 mu Januwale 2022, anabweza ana ambiri m'makalasi, ndipo chaka chomwecho boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 m'dziko lonse. Zotsatira zake n'zakuti makalasi adzaza, madesiki sakukwana, ndipo sukulu zina zimaphunzitsa ena m'mawa ena masana, maola ophunzira n'kuchepa. Aphunzitsi otumizidwa kutali ndi msewu amafunafuna njira yosamukira ku boma, makamaka kumene kulibe nyumba, madzi ndi netiweki, ndipo a masamu ndi sayansi ndiwo amasowa kwambiri. Ulerewo sukhudza yunifolomu, makope ndi ndalama ya kugonera. Pamene sekondale yoyendera ili kutali, ana amachita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu, amadziphikira okha, Lachisanu n'kupita kwawo kukatenga ufa. Mwana wamkazi musamuike m'moyo umenewu. Mimba zambiri za ana asukulu zimachokera m'tizipinda timeneti, ufa ukatha Lachitatu.

Kwa ana anu atatuwo ndinganene izi. Amene ali m'kalasi la mayeso musamusunthe, chifukwa dzina lake linalembetsedwa kale ku Examinations Council of Zambia kudzera pasukulu yomwe ali, ndipo kusintha malo olembera ndi chintchito. Amalize kuno, akhale kwa wachibale ngati n'kofunika. Wa sekondale mumufunire malo kusukulu yogonera chaka chisanathe, mutatenga kalata yosamutsira kwa mphunzitsi wamkulu ndi malipoti ake, osadikira Januwale pamene malo atha. Funsaninso kuti ali m'dongosolo liti, popeza kuyambira 2025 maphunziro akusintha pang'onopang'ono: pulayimale ikukhala ya zaka zisanu ndi chimodzi, sekondale ikuwerengedwa Fomu 1 mpaka 4, kenaka Fomu 5 ndi 6, pamene ana ena akumalizabe m'dongosolo lakale la magiredi. Wamng'onoyo adzakumana ndi nkhani ya chinenero. Chinyanja cha m'mabuku ndi cha mayeso chinakhazikika pa Chichewa, ndipo mwana wa ku Matero wolankhula Chinyanja cha m'tauni, chosakaniza ndi Chibemba ndi Chingerezi, amadabwa kupeza kuti mawu ambiri sakuwadziwa. Ku Katete adzazolowera msanga chifukwa ndicho cholankhulidwa pabwalo. Ana a Chitumbuka ku Lundazi ndi a Chinsenga ku Petauke ndiwo amavutika kwambiri, popeza amaphunzira kuwerenga m'chinenero chomwe sayankhula kunyumba. Akamaliza sekondale, kufupi kuli Chipata College of Education, sukulu zaluso ku Chipata ndi ku Ukwimi, koleji ya zamalonda a ulimi ku Katete, ndi maphunziro a unamwino ku St Francis ku Katete komweko ndi ku Mwami. Wofuna yunivesite yaikulu ya boma adzabwereranso kuno kapena ku Copperbelt, ndiye ngati muli ndi nyumba ku Matero musaigulitse. Lendi yake idzakhala malipiro anu apamwezi, ndipo ana adzakhala ndi pofikira.

Zaka ziwiri zomwe zatsalazi zikukwanirani kuyesa musanasamuke. Tengani tchuthi mu Febuluwale, mukwere basi pa Intercity, mukakhale kumudzi milungu iwiri mvula ili pakati. Yendani wapansi kuchokera pomwe mukufuna kumanga mpaka kusukulu, muwerenge mphindi, muone ngati pali mtsinje womwe umadzaza. Lowani m'kalasi la Giredi 4 muwerenge ana ndi madesiki, mufunse mphunzitsi wamkulu kuti chaka chatha analemba mayeso angati ndipo anapita ku sekondale angati. Funsani mlangizi kuti feteleza anafika mwezi uti, ndiponso kuti msika wa FRA wapafupi uli pamtunda wotani. Nyengo yotsatira limani malima awiri okha, imodzi chimanga imodzi nshawa, mulembe m'kope ndalama iliyonse yomwe yatuluka kuyambira pa mbewu mpaka pa ulusi wosokera matumba, ndipo zokololazo musagulitse mpaka Novembala.